Fisi wapha amake pa mutu 4, owerenga andithawa

Mlembi wa ku Likhubula: Alembi anzanga, ndagwira njakata. Ndikulemba buku kuchokera pa nthano ija ya Kalulu ndi Fisi, amene anapangana kupha amayi awo njala itavuta, Kalulu n'kukabisa ake kuphanga. Wofotokoza nkhani ndi Fisi mwini. Anthu atatu amene ndinawapatsa kuti awerenge onse analekera pa mutu 4, pamene akupha amake. Akuti sangapitirire naye. Ndichotsepo imfayo?

Aphunzitsi a ku Luchenza: Ayi achimwene, mukaichotsa nthano yatha. Funso langa ndi lakuti, njalayo mwaionetsa? Pakamwa timangoti "kudagwa njala" ana n'kuvomera "tili tonse", koma m'buku sizikwanira. Agogo anga ankasimba za njala ya 1949, mmene anthu ankakumba mizu kuthengo, ena n'kusiya mabanja. Owerenga ayambe amva m'mimba kupotokola, mpeni ubwere pambuyo.

Mkonzi wa ku Bvumbwe: Ine ndinawerengako mitu iwiri yoyamba. Vuto si imfa, bambo. Mwamuyeretsa kwambiri Fisiyo. Tsamba lililonse akudandaula kuti anamunamiza, ngati munthu wodziteteza pabwalo la amfumu. Wotere satopetsa pang'ono. Musiyeni akhale wadyera, avomere yekha kuti ataganiza zoti mbale idzakhala ya mmodzi mtima unakhala pansi. Pamenepo ndidzamukhulupirira, ndipo ndidzamutsata ngakhale ndikunyansidwa naye.

Komanso imfayo isadikire mutu 4. Aliyense wa kuno akuidziwa kale. Yambirani pamene zachitika, iye akuona Kalulu akunenepa.

Mayi a ku Chitakale: Ndiwonjezereko za nyamayo. Pakati pa afisi amawangamawanga, wamkazi ndiye wamkulu thupi ndiponso wolamulira gulu, ndipo mwana amayamwa kupitirira chaka. Udindo wa mwana umachokera kwa amake. Ndiye Fisi wanuyu sanangotaya mayi, wadzichotsanso pa mtundu wake. Kwathu kuno kumene mbumba imayendera kuchikazi, owerenga adzazimva msanga zimenezo.

Mlembi wa ku Likhubula: Izi sindinaziganizepo mayi, zikomo. Nanga adziwa bwanji kuti anapusitsidwa? Sindikufuna kuti mbalame imuuze.

Mayi a ku Chitakale: Ndi mphuno yake. Kalulu apake mpeni utomoni wa mlombwa, wofiira ngati magazi. Fisi aone kufiirako, koma fungo la magazi palibe, iye n'kungokhala chete chifukwa akufuna kukhulupirira. Kenako Kalulu azibwera akununkha kalongonda. Kalongonda amafuna kuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi kangapo kuti asaledzeretse. Kalulu wongoyendayenda uja angaphike yekha? Alipo amene akumuphikira.

Mlembi wa ku Likhubula: Basi, mutu 1 uyambira pa fungo la kalongonda. Ndilembanso usiku uno, Loweruka ndikutumizirani. A ku Bvumbwe, cholembera chofiira chija musachibise.