Pampu yoyenera pothirira tomato wa m'ndowa mwa madontho

Nachisale, Lilongwe:

Ndikupempha malangizo kwa amene analimapo mbewu popanda dothi. Kuseri kwa nyumba ndamanga shedi ya pulasitiki momwe ndaikamo ndowa 30 m'mizere iwiri ya mamita 8, ndipo ndowa iliyonse ikhala ndi tomato mmodzi wodzalidwa m'mankhusu a mpunga owotchedwa pang'ono osakaniza ndi mchenga wa kumtsinje. Madzi a feteleza azikhala mu diramu ya malita 200 imene ndaikwirira pansi kuti madzi otsala m'ndowa azibwereramo okha. Kuchokera pamwamba pa madziwo kufika pa paipi yothirira pali mamita 1.5. Ndagula kale todonthetsera 30 tolembedwa PC (ta mtundu wotulutsa madzi mofanana ngakhale mphamvu ya madzi isinthe), totulutsa malita 4 pa ola. Kusitolo andionetsa mapampu awiri: yaing'ono yomiza m'madzi, yolembedwa malita 2,000 pa ola ndi mamita 2, komanso yachitsulo yotchedwa QB60 ya mawati 370. Kodi ndisankhe iti, poganiziranso kuti magetsi amazimazima?

Bambo Mbewe, Zomba:

Mayi Nachisale, musanayang'ane pampu werengani kaye madzi amene mukufuna. Todonthetsera 30 ta malita 4 timafuna malita 120 okha pa ola, choncho nambala ya 2,000 yolembedwa pa bokosi isakukopeni, chifukwa mapampu onse awiriwo akupitirira kwambiri pamenepo. Nkhani yagona pa mphamvu yokankha madzi. Nambala ziwiri za pa bokosi sizichitika nthawi imodzi: malita 2,000 amatuluka pamene pampu sikukweza madzi ngakhale pang'ono, ndipo madzi akafika pa mamita 2 amangoima mu paipi osatuluka. Inuyo mukufuna kukweza madzi mamita 1.5, kutanthauza kuti mphamvu yotsala ndi ya theka la mita basi, ndipo ina mwa iyo ithera mu sefa ndi m'makona a mapaipi.

Todonthetsera ta PC tili ndi kalabala mkati kamene kamachititsa kuti madzi azituluka mofanana kuyambira ndowa yoyamba mpaka yomaliza, koma kalabalako kamayamba kugwira ntchito bwino mphamvu ya madzi ikafika pakati pa theka la bar ndi bar imodzi, malinga ndi mtundu wake. Bar imodzi ndi mphamvu ya madzi otalika pafupifupi mamita 10, choncho pampu yaing'onoyo ili kutali kwambiri ndi zimene todonthetsera tanu timafuna. QB60 mphamvu ili nayo yochuluka, popeza imakweza madzi mamita opitirira 30, koma thupi lake ndi lachitsulo ndipo chopalasa madzi chake ndi cha mkuwa. Madzi a feteleza amene pH yake (muyezo wa asidi m'madzi) ili pakati pa 5.5 ndi 6.5 amachititsa dzimbiri pa chitsulo ndipo amadya mkuwa pang'onopang'ono, ndipo poti madzi anu amazungulira kubwerera mu diramu, zonsezo zizikathera ku mizu. Ine ndingakulangizeni pampu ya diaphragm (yokankha madzi ndi labala wogwedera mkati mwake) ya mavolti 12, ya pulasitiki ndi labala mkati, yotulutsa malita 4 kapena 5 pa mphindi. Muikenso valavu yobwezera madzi ena mu diramu, apo ayi iziyaka ndi kuzima kosalekeza chifukwa todonthetsera tanu sitingathe kutulutsa madzi onse amene ikukankha.

Nabanda, Salima:

Masamu a Bambo Mbewe ndi olondola, koma sindikugwirizana nawo pa mfundo yoti pampu isankhidwe motsatira todonthetsera. Todonthetsera ndi totsika mtengo kuposa pampu, ndipo pa mizere yaifupi ya mamita 8 pa malo athyathyathya, ubwino wa PC ndi wochepa. Tinapangidwira minda yaitali kapena yotsetsereka. Mu ulimi wa m'ndowa momwe madzi amabwerera, alimi ambiri amalumikiza timapaipi tating'ono ta mamilimita 4 kuchokera pa paipi yaikulu kupita ku ndowa iliyonse, tonse tofanana kutalika, kukamwa kwake kuli pululu. Madzi opitirira muyezo satayika chifukwa amabwerera mu diramu, ndipo timapaipi totere sititsekeka msanga, zimene ndi zofunika kwambiri kwa inu poti fumbi lakuda la mankhusu owotchawo lizibwera ndi madzi obwerera. Mukasankha njira imeneyi, pampu yomiza m'madzi ndi yokwanira, kungoti mufunefune yolembedwa mamita 3 kapena kupitirira, kuti pa mamita 1.5 ikhale idakali ndi mphamvu. Pemphani wogulitsa akuonetseni tchati chojambulidwa pa bokosi chosonyeza malita otuluka pa msinkhu uliwonse, ndipo onetsetsani kuti pampuyo ndi ya mavolti 220 mpaka 240, chifukwa zina zobwera ndi abale kuchokera ku America ndi za mavolti 120 ndipo zimapsa mukangozilumikiza.

Chimene ndikudera nkhawa kwambiri ndi diramu yanu. Tomato wamkulu amene wayamba kubereka amatha kumwa malita 2 kapena 3 pa tsiku nyengo ya Okutobala, ndiye mbewu 30 zingatsitse diramu ya malita 200 pafupifupi ndi theka tsiku limodzi. Madzi akatsika chotero, mchere wa feteleza umachuluka m'madzi otsalawo, madzi amatentha msanga, ndipo pampu yomiza ikayamba kuyenda pouma imapsa mosachedwa, popeza madzi omwewo ndi amene amaiziziritsa. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa ndipo mizu imayamba kusanduka yabulauni ndi kunyenyeka mukaigwira. Mwachita bwino kuikwirira diramuyo, koma muganizire zowonjezera yachiwiri ndi kuzilumikiza pansi.

Nachisale, Lilongwe:

Zikomo kwambiri nonse awiri. QB60 ndaichotsa pa mndandanda, ndipo diramu yachiwiri ndiipeza mbewu zisanakule. Komabe funso la magetsi latsala, chifukwa masana sindikhala pakhomo ndipo mankhusu sasunga chinyezi nthawi yaitali ngati dothi. Kodi pa njira ziwiri mwandipatsazi, ndi iti ingapirire magetsi atazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo?

Bambo Mbewe, Zomba:

Mayi Nabanda anena zoona pa nkhani ya fumbi la mankhusu, ndipo ngati musunga todonthetsera ta PC, sefa ya 120 mesh (ya timabowo tating'ono kwambiri) pakati pa pampu ndi mizere ndi yosapeweka, ndipo muziitsuka kawirikawiri. Pa funso la magetsi, chimene chingakupulumutseni ndi pampu ya mavolti 12 yoyendera batire, kaya pampuyo ndi ya diaphragm kapena yomiza, chifukwa zomiza za mavolti 12 ziliponso. Simufunika kuthirira tsiku lonse. Mukaika timer (kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa pampu pa nthawi yoikika) ya mavolti 12 kuti pampu iziyaka mphindi 10 kasanu ndi kamodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye kuti yagwira ntchito ola limodzi lokha, ndipo ndowa iliyonse yalandira malita 4 kudzera m'kadonthetsera kamene munagula. Pampu ya mawati 50 ikayenda ola limodzi imadya gawo laling'ono la batire la sola, moti panelo imodzi yaing'ono ndi chowongolera chaji zikhoza kubwezeretsa mphamvuyo tsiku lomwelo. Musanadzale mbande, ikani kapu pansi pa kadonthetsera ka ndowa yoyamba, yapakati ndi yomaliza pa mzere uliwonse, muyatse pampu mphindi 10, kenako muyerekeze madziwo. Iliyonse mwa makapuwo iyenera kukhala ndi mamililita pafupifupi 670, ndipo ngati yomaliza yaperewera kwambiri, tsekani pang'ono valavu yobwezera madzi mu diramu ndi kuyesanso.