Makaseti a malemu bambo anga alankhulanso

Mwezi watha ndinafunsa mmene ndingapulumutsire makaseti ndi madisiketi amene ndinawapeza m'sutikesi ya malemu bambo anga ku Chilenje mu Lusaka. Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha, makamaka mayi amene munandichenjeza kuti ndisanaike kaseti iliyonse m'makina, ndiyambe ndazungulitsa tepi yake ndi pensulo kuti ndione ngati sinamatirire. Malangizo amenewo ndinawatsatira.

Walkman ya bambo, kawailesi kakang'ono koimbira makaseti, inkangolira osazungulira chifukwa lamba wake anali atasungunuka ngati phula, ndipo wokonza mawailesi wina ku Kamwala anaikamo watsopano. Nditapukuta kamutu kowerenga tepi ndi thonje loviika mu spiriti, ndinailumikiza ku kompyuta ndi chingwe n'kuyamba kujambula ndi Audacity, pulogalamu yojambulira mawu. Kaseti ya C90 imatenga mphindi 45 mbali imodzi, ndipo palibe chidule, umangokhala pansi n'kumvetsera. Pa kaseti yachitatu, nyimbo ya kwaya itangotha, bambo anamveka akutsokomola kenako akuitana dzina langa laubwana. Amayi anga anaika kapu ya tiyi pansi, napempha kuti ndibwereze pomwepo kanayi.

Madisiketi a 1.44 MB aja sanayende bwino: mwa 11, anayi okha ndiwo anatseguka pa kachipangizo ka USB kamene ndinabwereka, ena anali atachita nkhungu. Amene muli ndi otere, tsegulani kabowo ka pakona koletsa kulembapo musanaike disiketi, ndipo ikangotseguka koperani zonse nthawi yomweyo, chifukwa imodzi mwa yanga inakana nditaiyesa kachiwiri.