Thandizeni: maflash a situdiyo akuthwanima koma chithunzi chikutuluka chamdima

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireni nzeru. Ndili ndi kasitudiyo pa Ntcheu boma, ndimajambula zithunzi za pasipoti ndi za maanja akachita chinkhoswe. Alamu anga andibweretsera kuchokera ku Joni maflash awiri akale, a maambulera aja, opanda zingwe zolumikizira ku kamera. Ndawaika pa slave kuti aziyaka akaona kaflash ka pamwamba pa kamera. Ndikadina, onse awiri akuthwanima ndithu, ndikuona ndi maso angawa, koma chithunzi chikutuluka chamdima ngati sanayake n'komwe. Loweruka lino kukubwera banja la ku Lizulu lomwe lalipira kale theka. Tulo sindikuona. Vuto lili pati?

Wojambula wa ku Dedza: Achimwene, maflash anuwo alibe vuto. Kaflash ka pa kamera kakakhala pa TTL (pamene kamera imadziyezera yokha kuwala) kamathwanima kawiri, koyamba n'kongoyezera kuwala, kachiwiri ndiye kojambulira. Zimachitika mwachangu moti diso silingasiyanitse. Anuwo akuyaka pa koyambako shutter (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) isanatseguke, ndiye nthawi yeniyeni ikamakwana amakhala atatha mphamvu. Ikani kaflashko pa manual kuti kazithwanima kamodzi kokha, kapena ngati kumbuyo kwa maflash kuli S2 (slave yosalabadira kuthwanima koyambako) sankhani imeneyo.

Mwini funso: Zikomo bambo. Mu menu mulibe manual ya kaflashka, ndipo S2 sindikuiona.

Mayi wojambula maukwati: Ndiye pezani trigger ya wailesi (tizipangizo tiwiri toyatsira flash patali), musavutike. Kamodzi kamakhala pamwamba pa kamera, kena kamalumikizidwa pa bowo la chingwe la flash imodzi, channel ikhale yofanana. Flash inayo isiyeni pa slave, idzayaka ikaona inzake. Koma yang'anani kaye pokhazika flash pa kamera yanuyo ngati pali kachitsulo kakakulu pakati, chifukwa makamera ena atsopano alibe, ndipo trigger imadalira kameneko. Liwiro la shutter lisapitirire 1/200 ya sekondi, kupanda kutero mudzaona mzere wakuda m'mphepete mwa chithunzi. Ine ndimayambira pa 1/125, f/8 (kukula kwa bowo la lens), ISO 100 (mmene kamera imamvera kuwala).

Wokonza mawailesi: Chonde musayerekeze kulumikiza flash ku kamera ndi chingwe mwachindunji musanayeze ndi mita yoyezera magetsi. Maflash ena akale amatulutsa mavolti opitirira 200, kamera ingapse.

Mwini funso: Kachitsuloko kalipo mayi, mtima wakhala pansi. Mawa m'mawa ndikwera minibasi ya ku Lilongwe kukagula trigger. Bowo la chingwe kumbuyo kwa flash ndi lalikulu ngati la maikolofoni, ndiye ndikanene kuti ndikufuna pulagi ya 6.35 mm?