Za matabwa opindika aja

Anzanga, miyezi iwiri yapitayo ndinafunsa chifukwa chake matabwa a paini amene ndinagula kuti ndikhome tebulo ankapindika ngati uta ndikangowapala. Ambiri munati anali aawisi. Munalondola ndithu. Ndinawasanja mu garaja, ndikuika timitengo pakati pa thabwa ndi thabwa kuti mphepo izidutsa, pamwamba ndinatsindira njerwa 6. Atatu awongoka bwinobwino. Limodzi lakanika, ndangolidula zidutswa ndikukhomera kashelefu ka misomali.

Tebulo laima tsopano, kwatsala sandipepala ndi vanishi. Vuto ndi utuchi: mayi a kunyumba akuti wafika mpaka kukhitchini, ndipo galimoto ikugona panja. Nanga miyendoyi ndiipake chiyani kuti chiswe chisaidye?