Jenereta ya gasi pa chigayo cha gulu, tigule kapena ayi?

Wapampando: Abale, nkhani ya chigayo chathu pa Chamama ija. Magetsi akathima azimayi akumaswera pakhonde ndi matumba awo mpaka mdima. Achimwene a ku Joni ali ndi ganizo, tiwamve.

Achimwene a ku Joni: Zikomo apampando. Ine ndikuti tigule jenereta ya gasi basi. Taonani a Tanzania, pa Kinyerezi ku Dar es Salaam anamanga siteshoni yopanga magetsi ya mamegawati (MW) 150 kenako ina ya 240 MW, zonse za gasi, ziwirizo mukaziphatikiza zikufanana ndi Kapichira wathu wa 130 MW katatu. Gasi ngotchipa kuposa dizilo, utsi wakenso ngochepa, nde ife tikudikira chani?

Aphunzitsi opuma: Achimwene mwasakaniza zinthu ziwiri. Gasi wa pa Kinyerezi amachokera pansi ndipo amabwera pa paipi kuchokera ku Mtwara, mtunda wopitirira makilomita 500, usana ndi usiku osadukiza, komanso siteshoni yachiwiriyo kutentha kotuluka mu injini sataya ayi, amawiritsira madzi nthunzi nkuzungulitsa makina ena, gasi yemweyo kugwira ntchito kawiri, nchifukwa chake yuniti imatsika mtengo. Kuno paipi ili kuti? Wathu ndi wa m'masilinda wophikira uja, wobwera pa thiraki kuchokera kunja, wogula ndi madola.

Achimwene a ku Joni: Komabe ndi gasi aphunzitsi 😅

Aphunzitsi opuma: Tiwerengetse. Pa jenereta yaing'ono kilo imodzi imatulutsa mayunitsi ngati 3. Silinda ya 9 kg ndi mayunitsi osafika 30. Mota ya chigayo ikakhala ya 30 kW silindayo yatha ola lisanakwane. Ndowa imodzi tidzigayitsa zingati pamenepo?

Mayi msungichuma: Eee ola limodzi?? Ineyo silinda yomweyo ndimaphikira mwezi wathunthu, ikatha ndimakwezetsa pa kabaza mpaka ku boma, tsiku lina ndinabwerako chimanjamanja ati gasi sanafike. Nde chigayo chidziyembekezera kabaza?

Malume a ku Santhe: Anawa sakukumbuka majenereta a dizilo anaikidwa pa Chinyama mu 2018 aja. Ankabangula usiku onse, magetsi ake okwera mtengo zedi poyerekeza ndi a mu Shire. Chilichonse chodya mafuta akunja chimaluma mthumba. Bwanji sola? Ku Nanjoka ku Salima kuli 60 MW ya dzuwa lomweli.

Aphunzitsi opuma: Sola ndikugwirizana nayo malume, kungoti mota yaikulu podzuka imakoka moto wambiri, mapanelo ndi inveta zake si zamasewera. Mwina kachigayo kakang'ono kogaya masana okha.

Achimwene a ku Joni: Chabwino ndagonja pang'ono, koma makoteshoni abwere atatu, wa gasi ukhalepo.

Wapampando: Alembi tengani atatuwo pofika Loweruka, mujambulenso kachitsulo kolembedwa pa mota tione ma kW ake enieni.

Mayi msungichuma: Ndipo amene simunasonkhe ya mwezi watha ndikukuonani muli online.