Za boti lija la Glastron: thabwa lakumbuyo ndasintha

Mwezi watha ndinafunsa za boti langa lakale la kampani ya Glastron, lopangidwa ndi fiberglass (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi), loti kumbuyo kwake, pomwe pamakhala injini, kunkagwedera ukakankha. Ndinkafuna kudziwa ngati kumangirapo chitsulo kungathandize. Ambiri munati ayi, ndiyambe ndaona thabwa la mkati. Zikomo, munanena zoona.

Nditagogoda ndi hamala, phokoso linali logonthera. Ndinadula fiberglass ya mkati ndi grinder n'kusiya yakunja kuti maonekedwe a boti asasinthe. Thabwa la mkatilo, lomwe ndi la plywood, lonse linali litawola, likufumbutuka m'manja ngati gaga wonyowa. Madzi ankalowera m'mabowo a mabauti a injini, mwina kwa zaka zambiri.

Ndaikamo marine ply (plywood yopangira maboti) watsopano, zidutswa ziwiri zomatidwa ndi epoxy (guluu wolimba kwambiri), chifukwa epoxy amagwira bwino pa fiberglass yakale kuposa polyester, mankhwala ena omatira fiberglass. Mabowo ndinawaboola aakulu, n'kuwadzaza epoxy, kenako n'kuboolanso pakati, kuti madzi asakhudzenso thabwa. Pogaya fiberglass valani masiki ndi malaya a manja aatali, fumbi lake limayabwa koopsa.

Thovu louma la pansi pa boti, lothandiza kuti liziyandama, nalo ndalipeza lodzaza madzi, ndalichotsa. Tsopano ndithandizeni: pamwamba pa epoxy ndipake penti kapena gelcoat (chopaka chosalala chomwe chimakhala pamwamba pa fiberglass)?