Mwana wanga akufuna kuyenda njira ya Abdus Salam: ndimulangize bwanji?

Akuluakulu ndi abale nonse a pa gulu lino, ndakupatsani moni. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale amene ndatsala pang'ono kupuma pa ntchito, ndipo ndabwera ndi nkhani ya mwana wanga wamkazi wachisamba, yemwe ali m'chaka chachitatu ku yunivesite, kumene akuphunzira masamu ndi fizikisi. Pa tchuthi chapitachi anatiuza kuti akatenga digiri sakufuna uphunzitsi wa ku sekondale kapena ntchito ya ku banki, koma theoretical physics, nthambi ija imene munthu sagwira zipangizo za mu labotale koma amafufuza malamulo a chilengedwe pogwiritsa ntchito masamu. Mayi ake anangoti kukamwa yasa. Ine ndinamufunsa ngati alipo wochokera kumalo osauka ngati kwathu amene anayendapo njirayi, ndipo anatchula Abdus Salam wa ku Pakistan. Ndakhala masabata angapo ndikuwerenga za munthuyu, ndipo mbiri yake yandilimbitsa mtima, komanso yandisowetsa tulo.

Salam anabadwa mu 1926 nakulira ku Jhang, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Punjab, ndipo bambo ake ankagwira ntchito ku nthambi ya zamaphunziro. Ali ndi zaka 14 anapeza malikisi amene munthu wina aliyense anali asanawapezepo pa mayeso olowera ku University of the Punjab. Anaphunzira masamu ku Government College ku Lahore, ndipo mu 1946 anapeza thandizo la ndalama lopitira ku St John's College ku Cambridge. Mpaka apa palibe chondidetsa nkhawa, chifukwa ana anzeru ochokera m'nyumba zosowa ndawaona ndi maso anga m'kalasi.

Chimene chandigwira mtima ndi zaka za pakati pa 1951 ndi 1954. Atamaliza kafukufuku wake ku Cambridge, Salam anabwerera kwawo kukaphunzitsa masamu ku Lahore, ali ndi mtima wonse wotumikira anthu ake, koma anapeza kuti kunalibe mnzake wokambirana naye za ntchito yake, ndipo zimene anzake ankatulukira ku Ulaya zinkamupita ngati madzi a mumtsinje. Mu 1954 anabwerera ku Cambridge, mu 1957 anakhala pulofesa ku Imperial College ku London, ndipo pambuyo pake ankanena poyera kuti anakakamizika kusankha pakati pa fizikisi ndi dziko lake. Ntchito imene inamupatsa mphoto ya Nobel mu 1979, pamodzi ndi Sheldon Glashow ndi Steven Weinberg, anaigwirira kunja. Monga mmene mwana wanga anandifotokozera, atatuwa anaonetsa kuti mphamvu ya magetsi ndi maginito, ndi mphamvu ina yofooka ya m'kati mwa atomu imene imachititsa kuti maatomu ena azisweka okha, ndi mphamvu imodzi yooneka pawiri. Tinthu totchedwa W ndi Z, timene masamu awo ananeneratu kuti tilipo, tinapezeka mu 1983 ku CERN, labotale yaikulu ya fizikisi ya pafupi ndi Geneva.

Funso langa ndi ili. Ngati munthu wa mutu ngati umenewo analephera kukhala kwawo zaka zoposa zitatu, kodi ndikamuvomereza mwana wangayu sindikumutaya kuti akakalambire kwa eni? Sindikuopa kuti adzagona ndi njala, ndikuopa kuti adzasankhitsidwa zomwe anasankhitsidwa Salam. Ndikudziwa kuti mu 1964 iye anakhazikitsa malo a kafukufuku otchedwa International Centre for Theoretical Physics ku Trieste, ku Italy, kuti ena asadzakumane ndi zimene zinamuchitikira, koma ndikufuna kumva kwa inu amene munadutsamo ngati lero munthu angathedi kugwira ntchitoyi ali kuno kumudzi.

Yankho loyamba

Abambo, zikomo chifukwa mwayamba mwawerenga musanaletse. Ine ndimaphunzitsa fizikisi pa yunivesite ina, ndipo ndinabwerera kuno nditaphunzira kunja. Mavuto a Salam ku Lahore anali awiri, ndipo loyamba, losadziwa zimene anzake akutulukira, linachepa kwambiri. Kuyambira mu 1991 akatswiri a nthambiyi amaika zolemba zawo pa tsamba la pa intaneti lotchedwa arXiv, pamene aliyense amene ali ndi intaneti amawerenga mwaulere, choncho zimene zalembedwa ku Princeton ku America lero mwana wanu angaziwerenge mawa ali ku Zomba. Vuto lachiwiri, losowa mnzako woima naye pa bolodi n'kukutsutsa, lidakalipo, ndipo limakula chifukwa cha makalasi odzaza ndi mulu wa mapepala ochonga umene umadya nthawi ya kafukufuku. Mankhwala amene Salam anapeza ndi ndondomeko ya ku Trieste yotchedwa Associates, yoti wasayansi azikhala ndi ntchito kwawo koma aziitanidwa kukakhala kumeneko kwa kanthawi, n'kubwerera ali ndi anzake olemba nawo. Si yankho lathunthu, koma yasunga anthu ambiri pa ntchito.

Pakali pano mwanayo aike mtima pa maphunziro amene ali maziko a nthambiyi, monga quantum mechanics, electromagnetism, statistical mechanics ndi linear algebra, ndipo apeze mphunzitsi mmodzi womudziwa bwino amene adzamulembere kalata yomuchitira umboni. Akamaliza digiri angafunsire malo ku African Institute for Mathematical Sciences, sukulu ya masamu imene wasayansi Neil Turok anayambitsa mu 2003 ku Muizenberg, pafupi ndi Cape Town, ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, kapena ku maphunziro a dipuloma a chaka chimodzi a ku Trieste. Konseko osankhidwa ochokera m'mayiko ngati athu amalipiriridwa.

Yankho lachiwiri

Achimwene, ine ndiyankhula monga kholo. Mufunseni mwanayo ngati akudziwa kuti kuchokera pa digiri yoyamba kukafika pa PhD, digiri yapamwamba ya kafukufuku, pamapita zaka zisanu kapena kuposerapo, ndipo pambuyo pake pamabwera ntchito za makontilakiti a zaka ziwiri kapena zitatu, kusamuka dziko ndi dziko. Ngati pali azing'ono ake amene mukuyembekeza kuti iye adzawalipirire sukulu, nkhaniyo ikambidwe lero pamaso pa mayi ake, osati iye ali kale kunja. Ndipo musagulitse munda kapena kutenga ngongole chifukwa cha maphunzirowa. Apite kumene akamulipirire zonse.

Yankho la mwini funso

Ndathokoza nonse awiri. Amayi, mwakhudza pamene ndimapazemba, chifukwa azing'ono ake alipo awiri, ndipo wamng'onoyo ali Fomu 2. Tikhala pansi Loweruka likudzali. Kwa inu aphunzitsi, ndili ndi funso linanso: pa zaka zimene mwakhala kuno chibwerereni, kodi mwakwanitsa kupitiriza kafukufuku wanu, ndipo mungalole kuti mwanayu akulembereni yekha kuti amve kuchokera pakamwa panu?